Kulimbitsa njinga ya magiya kuti izinyamula mbewu: mabuleki ndi wilo poyamba, foloko pambuyo

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, njinga ndiyo imatulutsa mbewu kumunda kukazifikitsa pamsewu. Mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, nyemba ndi chimanga zopita ku Ulónguè, ku Domué kapena kumisika ya m'malire monga Lizulu ndi Calómuè, zambiri zimayamba ulendo zili pa kaliyala. Kale ntchitoyi inali ya njinga zakuda zija zopanda magiya, za mtundu wa Hero ndi Phoenix. Masiku ano zachuluka njinga za magiya zimene ogulitsa amati mountain bike, pa Chipwitikizi bicicleta de montanha, zina zatsopano zotchipa, zina zoti zinayenda kale kumayiko akunja. Achinyamata amazikonda chifukwa zimakwera chitunda munthu osatsika. Vuto limabwera pamtsetse.

Njinga ya mtunduwu sanaipangire katundu. Inayambira ku Marin County, m'dera la California ku America, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ankatenga njinga zakale n'kumatsika nazo mapiri mothamanga pongosangalala. Mpikisano wawo wotchuka, umene unayamba mu 1976, ankautchula kuti Repack, kutanthauza kupakanso girizi, chifukwa buleki ya mu habu ya kumbuyo inkatentha mpaka girizi kupsa, ndipo akafika m'munsi ankamasula habuyo n'kupakanso. Choncho nkhani ya mabuleki otentha pamtsetse inabadwa limodzi ndi njingayi. Kusiyana kwake n'koti anyamata aja ankangonyamula matupi awo okha. Kampani ya Trek, imodzi mwa makampani akuluakulu opanga njingazi, imalemba kuti njinga zake zambiri zisapitirire makilogalamu 136 pophatikiza njinga, wokwera ndi katundu. Mlimi wolemera makilogalamu 65, pa njinga ya makilogalamu 15, atamanga matumba awiri a makilogalamu 50 lililonse, wafika kale pa 180.

Sikuti njingayo itayidwe. Ikhoza kulimbitsidwa ndithu, ndipo ambiri akagulitsa mbewu amapatula kangachepe kuti aikonzetse. Chodandaulitsa n'choti ndalamazo nthawi zambiri zimathera pa zinthu zooneka ndi maso, monga foloko ya mashoko yonyezimira, pamene zimene zimapulumutsa moyo ndi katundu, mabuleki ndi wilo la kumbuyo, zimatsala momwe zinalili.

Zimene buleki imachita pamtsetse

Buleki imaimitsa njinga posandutsa liwiro kukhala kutentha. Katundu akachuluka, kutenthako kumachulukanso mofanana. Liwiro ndiye loopsa koposa: likawirikiza kawiri, mtunda umene njinga imafuna kuti iime umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake buleki imene imagwira bwino pabwalo la kunyumba imatha kukana pamtsetse wautali wa kumapiri a Tsangano, wokwera n'kuyamba kukhwekhwereza patapata pa tayala.

Njinga zambiri za magiya zimene zili m'midzi zili ndi buleki yogwira pa limu, kawirikawiri ija amati V-brake, ya mikono iwiri yaitali yoima mbali ndi mbali ya tayala. Buleki imeneyi ndi yamphamvu kuposa mmene anthu amaiganizira. Ikafooka, kawirikawiri chalakwika ndi chinthu chaching'ono. Malabala atha kapena auma ngati mwala. Waya wachita dzimbiri m'kati mwa chikhokho chake, kotero kuti mphamvu ya dzanja ikuthera m'njira osafika ku wilo. Kapena limu yapindika, ndipo mwini njinga anatalikitsa malabala dala kuti asamakhule, mapeto ake chokokera cha pa handulo chimafika pothera malabala asanagwire. Malabala atsopano, waya watsopano pamodzi ndi chikhokho chake, ndi kuwongola limu, zitatuzi zimabweza mphamvu ya buleki pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula mabuleki a mtundu wina. Malabala akhale pa limu ndendende, osakhudza tayala, chifukwa akamakhula m'mbali mwa tayala amalidula pang'onopang'ono mpaka chubu kuphulika.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale okonza njinga. Njinga zakale kwambiri zili ndi buleki ya cantilever, ya mikono yaifupi yokokedwa ndi waya wopingasa pamwamba pa tayala. Mitundu iwiriyi imamangidwa pa timisomali tofanana ta pa felemu ndi pa foloko, choncho n'zotheka kuchotsa cantilever n'kuikapo V-brake. Koma zokokera zake za pa handulo n'zosiyana. V-brake imafuna chokokera chimene chimakoka waya wautali. Ikalumikizidwa ku chokokera chakale, dzanja limamva kufewa ndipo chokokeracho chimagunda handulo buleki isanamange bwino. Wosintha chimodzi asinthe zonse ziwiri.

Limu nayonso ndi mbali ya buleki. Limu ya chitsulo yonyezimira ikanyowa imaterera, malabala amangodutsapo, ndipo nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi pamene misewu ya dothi imateleranso. Limu ya aluminiyamu imagwira bwino ngakhale pamadzi, koma imadyeka. Matope ndi mchenga zikalowa pakati pa labala ndi limu zimakhala ngati tupa. Munthu akayendetsa chala m'mbali mwa limu n'kumva kuti palowa ngati supuni, limuyo yatsala pang'ono kung'ambika, ndipo imang'ambika pamene tayala lapopedwa kwambiri chifukwa cha katundu. Pamtsetse wautali limu imathanso kutentha mpaka kuwononga chubu.

Apa ndi pamene buleki ya disiki, ya chimbale chachitsulo chomangidwa pakati pa wilo, imapambana. Ili kutali ndi matope, sidya limu, ndipo limu ikapindika pang'ono imagwirabe. Koma si njinga iliyonse ingalandire disiki. Pamafunika tizitsulo tomangirapo buleki ku mwendo wa kumanzere wa foloko kapena wa felemu, ndiponso habu yokhala ndi malo omangirapo chimbale, kawirikawiri a mabawuti 6. Njinga yopanda zimenezi ena amapita nayo kwa owotcherera kuti awonjezerepo kachitsulo. Ili ndi khalidwe loika moyo pachiswe. Disiki imakoka mwendo umodzi wokha ndi mphamvu yaikulu, pamalo pamene paipi ndi yopyapyala, ndipo moto wa owotcherera umaifewetsanso. Felemu ikakhala ya aluminiyamu ndiye nkhani yatheratu, chifukwa makina wamba owotcherera zitsulo za mageti ndi makasu sagwira aluminiyamu. Kuti munthu adziwe felemu yake, angoyandikizapo maginito: akamata ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu.

Njira yapakati ilipo. Ngati foloko ili ndi malo a disiki koma felemu ilibe, munthu akhoza kuika disiki ya waya kutsogolo n'kusiya V-brake kumbuyo, ndipo zokokera za V-brake zimagwiranso ntchito pa disiki ya waya ya njinga za mtunduwu. Zimbale zimabwera za mamilimita 160, 180 ndi 203. Chachikulu chimagwira mwamphamvu ndipo chimachedwa kutentha, choncho kwa wonyamula katundu cha 180 n'chabwino kuposa cha 160, bola pakhale kachitsulo kosendezera buleki pamalo oyenera, komanso foloko ikhale yoti wopanga analola chimbale cha kukula kumeneko. Mabuleki ambiri otchipa a disiki amasuntha padi imodzi yokha, inayo imangokhala. Ikamadyeka imafunika kuisendezera pafupi ndi chimbale pozunguliza bawuti kapena kagudumu ka mbali ya masipoko. Ambiri sadziwa zimenezi, amangokoka waya, kenako n'kumati disiki ndi yachabechabe. Mafuta a tcheni akangodonthera pa chimbale kapena pa mapadi, buleki imalira koma osagwira, ndipo mapadi otero kawirikawiri amangofunika kusintha. Chimbale cha Shimano chikapyapyala kufika pa mamilimita 1.5 chatha ntchito. Ndipo ana asachigwire njinga ikangotsika phiri, chimawotcha.

Za disiki ya mafuta, imene ilibe waya, n'zoona kuti ndi yofewa kudzanja ndiponso yamphamvu. Koma ikadontha kapena mukalowa mpweya, kuikonza kumafuna zida ndi mafuta ake enieni. Mitundu ya mafutawo ndi iwiri ndipo siisakanizika. Shimano, Tektro ndi Magura amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil, pamene mabuleki ena amafuna DOT, onga a galimoto ndi njinga yamoto. Mtundu wake umalembedwa pa chokokera. Popeza DOT ndi amene amapezeka msanga pamalo okonzera njinga zamoto, n'zosavuta kuthira olakwika, ndipo amafufumitsa timalabala ta m'kati buleki n'kufa yonse. Kwa munthu wokhala kutali ndi tauni, waya umene ungagulidwe pamsika uliwonse ndi woyenera kuposa mafuta oyitanitsa ku Tete kapena ku Lilongwe.

Palibe buleki imene imasintha mfundo yoti katundu wolemera ali kumbuyo, wilo la kutsogolo limapepuka ndipo limaterera msanga pamiyala yaing'onoing'ono. Mabuleki onse awiri ayenera kukhalapo ndi kugwira limodzi, momanga ndi kumasula, osati kukanikiza osalekeza mpaka kumunsi. Pamtsetse woopsa, ndi matumba awiri, kutsika n'kuiyendetsa pamanja ndi nzeru, ngakhale njinga ili ndi disiki.

Wilo la kumbuyo ndilo limasenza

Amene anayendapo pa Hero n'kusamukira ku njinga ya magiya amadabwa kuti masipoko akuduka kawirikawiri. Chifukwa chake chimaoneka munthu akayang'ana wilo ali kumbuyo kwa njinga. Pa njinga yopanda magiya, masipoko a mbali zonse ziwiri amatsamira mofanana, ngati denga la nyumba. Pa ya magiya, mano a magiya amadya malo kumanja, kotero masipoko a kumanja amaima pafupifupi chilili ndipo amakungika kwambiri, pamene a kumanzere amakhala olefukirapo. Wilo lotere limabadwa lofooka kale likakankhidwa cham'mbali, ndipo ndilo limalandira pafupifupi kulemera konse kwa matumba.

Sipoko kawirikawiri imaduka pa khosi pake, pamene yapindikira kulowa mu habu. Chimaidula kwambiri ndi kulefuka. Wilo likamazungulira, sipoko yosakungika imamasuka ikafika pansi n'kukokekanso ikakwera, kambirimbiri pa ulendo umodzi, mpaka imathyoka monga waya amene munthu akumupinda uku ndi uku. Choncho wilo lolimba ndi limene masipoko ake akungidwa mokwanira ndiponso mofanana. Wokonza waluso amawaliza ndi chala ngati zingwe za banjo: a mbali imodzi ayenera kumveka mawu ofanana. Imodzi ikaduka isinthidwe tsiku lomwelo, chifukwa katundu wake amagwera anzake oyandikana nayo. Zikayamba kuduka motsatizana, ndiye kuti onse atopa, ndipo kulukitsanso wilo lonse kumatchipa kuposa kugula imodziimodzi mlungu uliwonse.

Wolukitsa wilo latsopano asankhe la masipoko 36, osati 32 kapena 28 amene amapezeka pa njinga za mpikisano. Mabowo a habu ndi a limu akhale chiwerengero chimodzi. Masipoko wamba ndi a mamilimita 2.0, amene amati nambala 14. A nambala 13, a mamilimita 2.3, ndi olimbirapo, koma ayesedwe kaye ngati akulowa m'mabowo a habu. Limu ikhale ya makoma awiri, imene ogulitsa a Chipwitikizi amati aro de parede dupla. Imadziwika munthu akachotsa tayala: mitu ya masipoko imakhala yobisika m'kati mwa mabowo, osati pamtunda. Limu yotere sipindika msanga ikagunda mwala.

Chinanso chimene chimathyoka ndi ekiselo. Njinga zotchipa zambiri zili ndi magiya a kumbuyo omangidwa pa habu mozunguliza ngati nati, amene amati freewheel. Pamenepo mabelingi a kumanja amakhala m'kati kwambiri, kutali ndi felemu, ndipo gawo lalitali la ekiselo limatsala lopanda chochirikiza. Katundu akalemera limapindika, kenako limaduka pomwepo. Habu ya kaseti, imene mano a magiya amangolowetsedwa pa thupi la habu, ili ndi mabelingi pafupi ndi felemu ndipo vutoli silichitikachitika. Kusamukira ku kaseti kumafuna habu yatsopano ndi mano atsopano ofanana chiwerengero ndi magiya a pa handulo, choncho nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene wilo likulukidwanso. Amene sangakwanitse, aike ekiselo yopanda bowo m'kati, yomanga ndi manati, m'malo mwa ija yomasula ndi kandodo. Pogula habu ayeze mpata wa pakati pa miyendo ya felemu. Pa njinga zambiri zakale ndi mamilimita 135 kumbuyo ndi 100 kutsogolo, koma zatsopano zina zili ndi 148 ndi 110, ndipo sizilowana.

Manambala a matayala ndiwo amasokoneza kwambiri. Nambala yodalirika ndi ya mamilimita yolembedwa m'mbali mwa tayala, monga 50-559. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu. Wilo la 26 la njinga za magiya ndi 559, la 27.5 ndi 584, la 29 ndi 622. Chodabwitsa n'choti la 28 la njinga zakuda zija ndi 635, kutanthauza kuti limu ya 28 ndi yaikulu kuposa ya 29. Palinso tayala lolembedwa 26 x 1 3/8, limene ndi 590 ndipo sililowa pa limu ya 559 ngakhale onse amatchedwa 26. Kusintha kukula kwa wilo pa njinga ya V-brake sikutheka, chifukwa malabala sangafike pa limu. Ndipo palibenso chifukwa chosinthira: wilo la 26 lili ndi masipoko aafupi, ndi lolimba, ndipo matayala ndi machubu ake ndi amene amapezeka kawirikawiri m'misika ya kumidzi.

Foloko

Foloko ya mashoko anaipangira munthu wothamanga pamiyala alibe katundu. Yabwino imadula kuposa njinga yathunthu yotchipa, ndipo imafuna kutsukidwa m'kati ndi kusinthidwa mafuta nthawi ndi nthawi. Ya mpweya imafunanso pampu yakeyake. Imene imabwera pa njinga zotchipa ndi sipuling'i chabe ili mu paipi. Fumbi la chilimwe ndi madzi a dzinja zikalowamo, imauma osasunthanso, kapena imayamba kugwedera. Kuiyesa n'kosavuta: munthu amange buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Akamva kugogoda, ayang'ane kaye mabelingi a pakhosi pa felemu. Ngati ali bwino koma miyendo ya foloko ikusewera, folokoyo yatha, ndipo idzanjenjemera nthawi iliyonse buleki ikamangidwa pamtsetse.

Foloko ikatha chonchi, ambiri amafuna ina ya mashoko yaitali kuposa yoyamba. Felemu imene inapangidwira foloko yolowa mamilimita 80 kapena 100 ikalandira ya 140, kutsogolo kumakwera, khosi la felemu limakokedwa kuposa mmene linapangidwira, ndipo pachitunda, katundu ali kumbuyo, wilo la kutsogolo limadzuka. Kwa wonyamula mbewu, foloko yachitsulo yopanda mashoko ndiyo kukweza njinga kwenikweni, ngakhale imaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Ndi yopepuka, ilibe chimene chingagwedere, ndipo siibira pansi buleki ikamangidwa. Njinga ya Buffalo, imene imagulitsidwa ku Malawi ndi ku Zambia ndipo kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100, ilibe mashoko. Kufewa kumene munthu amafuna pamabampu akhoza kukupeza pa tayala lalikulu lopopedwa moyenera. Mashoko abwino angathandize amene amayenda maulendo ataliatali opanda katundu, monga alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi azaumoyo.

Pogula foloko pali zinthu zoyeza. Paipi yolowa m'khosi la felemu imakhala ya mamilimita 25.4 pa njinga zakale, 28.6 pa zambiri, ndipo pa zatsopano zina imakula kumunsi. Ina ili ndi mazinga a nati kumtunda, ina ilibe, ndipo mitundu iwiriyi imafuna mabelingi ndi chomangira handulo zosiyana. Paipiyo isafupike kuposa yakale, ndipo isadulidwe isanayesedwe pa njinga. Utali wa kuchokera pa ekiselo kufika pamene miyendo ikumana ukhale woyandikira wa foloko yakale. Yaifupi kwambiri imagwetsa kutsogolo kwa njinga, handulo n'kumakhota msanga. Ikhalenso ndi malo a buleki imene mwini njinga akufuna, timisomali ta V-brake kapena tizitsulo ta disiki. Zilipo zokhala ndi zonse ziwiri. Foloko ya aluminiyamu imene yapindika pangozi isawongoledwe, ndipo iliyonse yooneka mng'alu pafupi ndi pamene miyendo ikumana isakweredwenso.

Kumalire kuno chipangizo chimodzi chimakhala ndi mayina awiri kapena atatu. M'sitolo ya ku Ulónguè kapena ku Tete buleki ndi travão, malabala ndi calços, mapadi a disiki ndi pastilhas, limu ndi aro, masipoko ndi raios, habu ndi cubo, foloko ndi garfo kapena forquilha. Ku Dedza ndi ku Ntcheu zonsezi zili ndi mayina ochokera ku Chingerezi. Mamilimita okha ndiwo amafanana mbali zonse ziwiri, ndipo kubweza katundu wogulidwa kutsidya lina la malire n'kovuta, kaya analipira mametikali kapena makwacha. Wopita kukagula anyamule chipangizo chakale m'thumba, makamaka mapadi a disiki, amene ali ndi maonekedwe ambirimbiri, ndi sipoko imodzi ya mbali iliyonse ya wilo la kumbuyo, popeza utali wake umasiyana pang'ono.

Njinga ikachoka kwa wokonza, mapadi atsopano a disiki sagwira mokwanira mpaka atazolowerana ndi chimbale. Amafunika kumangidwa mwamphamvu kangapo pamalo athyathyathya, opanda katundu, kenako ndi katundu, njinga isanapite kuphiri. Waya watsopano amalefuka pang'ono m'masiku oyamba ndipo amafuna kukokedwanso. Wilo lolukidwa kumene libwerere kwa amene analiluka pakatha maulendo angapo a kumsika, kuti akakungenso masipoko amene akhazikika.